Mafunso ndi mayankho: Britain yapumitsa sitima zotsitsa ma Royal Marines kumtunda, nanga zatsopanozo zibwera liti?

Pa 20 November 2024 nduna ya zachitetezo ya Britain, a John Healey, anaima mu palamenti nkunena kuti sitima zankhondo za HMS Albion ndi HMS Bulwark basi ntchito yatha. Boma likuti palibe vuto, kukubwera zina zatsopano zomwe akuzitchula kuti MRSS. Koma zatsopanozo mpaka 2025 ikutha zinali zidakali papepala, nde mafunso ndi ambiri, tiyeni tiwatenge limodzilimodzi.

Sitima zimenezi ntchito yake ndi chani kwenikweni? Si zonse ndi zankhondo basi?

Ayi zimasiyana. Pali zina zosaka ma submarine, zina zogwetsa ndege ndi mizinga, pomwe izi ntchito yake ndi kunyamula asilikali, magalimoto, akasinja, mafuta, chakudya, nkukazitsitsa pagombe pomwe palibe doko, kapena doko lilipo koma laphulitsidwa kapena lili mmanja mwa adani.

Amene munakwerapo Ilala mukudziwa mmene zimakhalira malo amene kulibe jeti, sitima imaima patali ndithu, anthu ndi matumba awo nkumatsika pa maboti ang'ono kupita kumchenga. Apa nchimodzimodzi, kungoti maboti ake amakhala mmimba mwa sitima momwemo. Albion kumbuyo kwake kuli chitseko chachikulu, amalowetsa madzi mmathanki mpaka kumbuyoko kumire pang'ono, madzi nkudzadza mkati ngati kadoko, maboti nkuyandama nkutuluka atanyamula kale katundu. Mkatimo mumalowa maboti anayi aakulu otchedwa LCU Mk10, lililonse limatha kusenza kasinja wa Challenger 2, ndipo mmbali munkapachikidwa ena anayi ang'onoang'ono onyamula anthu. Pamwamba pali malo otera mahelikopita.

Zomwe akufuna kusinthazo ndi ziti?

Zilipo 6. Ziwiri zoyamba ndi Albion ndi Bulwark zomwezi, anazimanga ku Barrow-in-Furness, kutalika mamita 176 iliyonse, kulemera matani opitilira 19,000, ndipo kwawo kunali ku Devonport mu mzinda wa Plymouth. Albion inayamba ntchito 2003, Bulwark 2005.

Kenako pali zitatu za gulu la Bay: Lyme Bay, Mounts Bay ndi Cardigan Bay, zomwe zinalowa ntchito cha mu 2006 ndi 2007. Zinalipo zinayi, koma Largs Bay anaigulitsa ku Australia mu 2011 ndipo kumeneko ikutchedwa HMAS Choules. Izi sizili pansi pa Royal Navy (asilikali apamadzi a Britain) mwachindunji, zimayendetsedwa ndi Royal Fleet Auxiliary, RFA mwachidule, omwe ndi amalinyero wamba olembedwa ntchito ndi boma, si asilikali ayi. Kusiyana kumeneku musakuiwale, tikumananso nako kutsogoloku.

Yomaliza ndi gogo wa onse, RFA Argus. Iyi anaimanga ku Italy mu 1981 ngati sitima yonyamula makontena, dzina lake linali Contender Bezant, boma linaibwereka nthawi ya nkhondo ya ku Falklands mu 1982 kenako nkuigula nkuisintha. Inali ndi chipatala cha mabedi 100 komanso malo aakulu a mahelikopita. Mu 2025 oyendera chitetezo cha sitima anaikaniza kuchoka pa doko la Portsmouth, zaka 40 ndi kanthu si masewera kwa chitsulo chomwe chimakhala mmadzi amchere.

Koma zaka 20 zokha, Albion ndi Bulwark zinakalamba zoona?

Apa mpomwe pali kachinyengo pang'ono. Argus yokha ndiyo nkhalamba yeniyeni. Albion ndi Bulwark boma lomwelo linkanena kale kuti zigwira ntchito mpaka 2033 ndi 2034, nde zapumitsidwa kutatsala zaka pafupifupi 10.

Vuto linayamba 2010 pomwe boma linadula bajeti ya asilikali nkuganiza kuti pa ziwirizi izigwira ndi imodzi, inayo izingokhala pa doko, zizisinthana. Chifukwa chake? Iliyonse imafuna amalinyero oposa 300 kuti iyende, ndipo Royal Navy anthu ikuperewera, makamaka chibwerereni ma carrier awiri, sitima zikuluzikulu zonyamula ndege, omwe amameza anthu ambirimbiri. Bulwark inaima cha mu 2017 ndipo siinabwerenso panyanja pansi pa mbendera ya Britain ngakhale anaionongera ndalama zambiri kuikonza. Albion inabwera ku ulendo wake womaliza mu 2023 nkuima nayonso. Ndiye a Healey polengeza muja ananena kuti boma lapitalo linali litazipumitsa kale mwakachetechete koma nkumazisunga mmabuku ngati zilipo, uku zikudya mapaundi 9 miliyoni pa chaka. Pamenepo ine sindingawatsutse, sitima yopanda anthu oiyendetsa siopseza munthu. Koma kunena kuti zinakalamba ayi, chomwe chinasowa ndi anthu ndi ndalama.

Umboni wake ndi wakuti Brazil yagula Bulwark mu 2025, ndipo si koyamba, mu 2018 inagulanso HMS Ocean yonyamula mahelikopita ija nkuitcha Atlântico, mpaka pano ikuyenda bwinobwino.

Nanga asilikali omwe amakwera sitimazi ndi ati?

Ndi ma Royal Marines, gulu lakalekale lomwe linayamba 1664. Ndi makomando a Royal Navy, amaphunzitsidwa ku Lympstone masabata 32, womaliza amapatsidwa chipewa chobiriwira chija. Pali 40 Commando kufupi ndi Taunton, 42 Commando ku Bickleigh, 45 Commando ku Arbroath ku Scotland omwe ndi akatswiri omenya nkhondo kozizira, ndi 47 Commando omwe ndi eni maboti otsitsira anthu kumtunda.

Zaka zaposachedwapa anawakonza mwatsopano kukhala magulu awiri otchedwa Littoral Response Group. Lakumpoto limayang'ana ku Norway ndi nyanja ya Baltic, ndipo mu 2023 anatsegula kampu yotchedwa Camp Viking kumpoto kwa Norway. Lakummwera linakonzedwa kuti lizidalira doko la Duqm ku Oman nkumayang'ana Indian Ocean. Nzeru yake ndi yakuti asilikali azikhala kale panyanja pafupi ndi komwe kungavute, osadikira kuti zinthu zithine kenako nkuyamba kulongedza ku Plymouth, ulendo wa masabata. Nkhondo ya ku Gaza itayamba mu October 2023, Argus ndi Lyme Bay zinatumizidwa kummawa kwa Mediterranean zili ndi ma Marines. Tsono mukuona nokha, nzeru yonseyi yaima pa sitima, mukachotsa sitima otsalawo ndi asilikali oyenda pansi basi odikira ndege.

MRSS ndi chani?

Poyamba linkaimira Multi-Role Support Ship, mu 2025 anasintha nkukhala Multi-Role Strike Ship. Mu May 2024 nduna ya nthawi imeneyo a Grant Shapps ananena kuti amanga "mpaka" 6, koma zitatu zokha ndi zomwe anati nzotsimikizika. Yoyamba ikuyembekezeka kumayambiriro kwa zaka za mma 2030.

Akufuna mtundu umodzi wa sitima ugwire ntchito zomwe zinkagwiridwa ndi mitundu itatu ija: ikhale ndi doko la mkati, ikhale ndi holo yosungira ndi kukonzera mahelikopita, chinthu chomwe Albion inalibe, izitha kuulutsa ma drone, ikhale ndi chipatala, iziyenda ndi anthu ochepa, komanso izitha kudziteteza yokha. Makampani ena aonetsa kale zojambula zawo, BMT ili ndi yake yotchedwa Ellida, Steller Systems inaonetsa yake nkuitcha Fearless.

Bwanji osangomanga zofanana ndi zakale zomwezo, poti zinkagwira bwino ntchito?

Funso lalikulu ndi limeneli, ndipo yankho lake lili ku Black Sea.

Albion anaikonza ndi maganizo akuti sitima ifika pafupi ndi gombe, iima pamenepo maola ambiri, maboti nkumapita nkumabwera kututa anthu ndi magalimoto. Maboti a LCU ajatu ndi oyenda pang'onopang'ono, safika ngakhale makilomita 20 pa ola, nde sitima ikaima patali ulendo umodzi wokha utha theka la tsiku. Zimenezi zinkatheka pomwe wokudikira pagombe anali ndi mfuti ndi mizinga yosafika patali. Pano onani zomwe Ukraine, dziko lomwe linatsala lopanda sitima zankhondo zodziwika, yachita ku Russia. Saratov inaphulika pa doko la Berdyansk mu March 2022. Moskva, yomwe inali sitima yaikulu ya gulu lonse la Black Sea, inamira mu April 2022 itamenyedwa ndi mizinga ya Neptune yoombedwa kuchokera kumtunda. Minsk inaphwanyidwa ili pokonzedwa ku Sevastopol mu September 2023, Novocherkassk ku Feodosia mu December 2023, kenako Tsezar Kunikov inamizidwa mu February 2024 ndi timaboti topanda munthu todzadza mabomba. Kupatula Moskva, zonsezi ndi sitima zotsitsa asilikali kumtunda. Russia inkaopseza kuti itsitsa asilikali ku Odesa koma siinayerekeze.

Onjezeranipo ma Houthi a ku Yemen omwe kuyambira kumapeto kwa 2023 akhala akuombera sitima pa Red Sea ndi ma drone ndi mizinga, gulu loti si boma lolemera nkomwe. Ndiye aliyense amene akujambula sitima yotere lero akudziwa kuti kuimika chinthu cha mamita 176 pomwe munthu wa pagombe akuchiona ndi maso nkudzipereka wekha.

Nchifukwa chake ma Royal Marines asintha kamenyedwe. Zotsitsa gulu lalikulu pagombe limodzi azisiya, pano akukamba za timagulu ta anthu 12, tochoka patali kwambiri usiku pa maboti othamanga kapena pa helikopita za Merlin ndi Chinook, kukazonda, kuononga ma radar ndi malo oombera mizinga, kuuza ndege ndi sitima poti zimenye, nkuchokapo msanga. Akufunanso maboti atsopano otchedwa Commando Insertion Craft oti aziyenda mtunda wautali mwaliwiro osaoneka msanga pa radar. Sitima yonyamula anthu oterewa iyenera kukhala ina ndithu.

Koma pali mbali ina yomwe okonda nkhani za timagulu sakonda kuikamba. Kagulu ka anthu 12 sikangatulutse anthu wamba masauzande mu mzinda womwe ukuyaka, sikangatsitse akasinja ndi malole ku Norway misewu ndi milatho zitaphulitsidwa. Mu July 2006 Bulwark inanyamula anthu pafupifupi 1,300 ulendo umodzi kuchoka ku Beirut kupita ku Cyprus, zimenezo zimafuna malo basi, malo ambiri. Nde ojambula MRSS akukokedwa mbali ziwiri, ikhale yaikulu yonyamula zambiri koma yoonekera patali, kapena yocheperako yothamanga yokhala ndi zida zambiri koma yosenza zochepa. Ukafuna zonse mu sitima imodzi mtengo umakwera, mtengo ukakwera chiwerengero chimatsika.

Nanga ma carrier awiri aja sangagwire ntchito imeneyi?

HMS Queen Elizabeth ndi HMS Prince of Wales, matani 65,000 iliyonse, zikhoza kunyamula ma Marines ndi mahelikopita, inde. Koma zilibe doko la mkati, ndiye lole kapena kasinja alibe potulukira, ndipo palibe mkulu wa asilikali angafune kuyandikitsa chinthu chodula chonchija kugombe.

Ndiye pakadali pano ma Marines akukwera chani?

Ma Bay atatu aja basi, ndipo apa mpomwe nkhani ya RFA ija ikubwereranso. Sitimazi ndi zabwino, zimanyamula magalimoto ambiri, zili ndi kadoko ka mkati kolowa boti limodzi lalikulu, koma anazimanga kuti zizibwera pambuyo njira itatsegulidwa kale, osati kutsogolera. Zilibe chipinda chachikulu cholamulira nkhondo ngati chomwe chinali mu Albion, ndipo zida zodzitetezera ndi zochepa.

Komanso zitatu sizitanthauza zitatu panyanja. Nthawi zonse imodzi imakhala ikukonzedwa, Cardigan Bay inatha zaka zambiri ku Bahrain ikuthandiza sitima zosaka mabomba a mmadzi, ndipo RFA yokhayo anthu akuithawa. Mu 2024 amalinyero ake a mmabungwe a RMT ndi Nautilus International ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro, ma ofisala kanali koyamba mu mbiri yawo kuchita sitalaka. Nde pali masiku oti sitima ilipo, injini ili bwino, koma oyendetsa palibe.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ine si zitsulo koma luso. Kumiza kumbuyo kwa sitima, kutulutsa maboti anayi mafunde ali pamwamba, kuyendetsa mahelikopita ndi maboti nthawi imodzi usiku, zimenezi munthu amaphunzira pochita, ndipo amene ankazidziwa bwino pa Albion pofika 2033 ambiri adzakhala atapuma kapena akugwira ntchito kumakampani. Sitima yatsopano idzafika nkupeza oti ayambirenso kuphunzira.

Britain inayamba yapangapo chisankho chotere kale?

Eya, ndipo inapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Mu 1981 nduna ya zachitetezo a John Nott anakonza zochotsa HMS Fearless ndi HMS Intrepid, zomwe zinali ma Albion a nthawi imeneyo. April 1982 Argentina inalanda zilumba za Falklands, Intrepid anachita kuitenga mothamanga ili kale pa mzere wopuma, ndipo ziwirizi ndi zomwe zinatsitsa asilikali ku San Carlos pa 21 May 1982. Zikanakhala zitapita kale, nkhondo imene ija mwina sikanatheka nkomwe.

Koma nkhondo yomweyo ikuphunzitsanso mbali inayo, pa 8 June ndege za Argentina zinapeza RFA Sir Galahad itaima masana ku Fitzroy asilikali adakali mkati, anthu 48 anafa, ambiri a Welsh Guards. Ofuna sitima zambiri amatchula San Carlos, oti nthawi ya sitima zotere inatha amatchula Sir Galahad, onse akunena zoona.

Tinamva kuti amanga limodzi ndi Netherlands, zinatha bwanji?

Ma Marines a maiko awiriwa akhala akugwira ntchito ngati gulu limodzi kuyambira 1973, ndipo a Dutch nawonso akufuna kusintha HNLMS Rotterdam ndi Johan de Witt. Mu June 2023 anasainirana zoti aone ngati angapange pulani imodzi, koma pofika 2024 zinakanika. A Dutch akufuna 6 zocheperako zoti zilowenso mmalo mwa sitima zawo zinayi zolondera za gulu la Holland, pomwe Britain ikufuna zazikulu zokhala ndi zida zambiri. Anangogwirizana kuti maboti ndi mahelikopita a wina azitha kulowa ndi kutera pa sitima ya mnzake.

Adzamanga ndani, ndipo ndalama zilipo?

Boma linati zidzamangidwa ku Britain konko, koma malo omangira ndi odzadza. BAE Systems ku Glasgow ili ndi sitima zankhondo za Type 26, Babcock ku Rosyth ili ndi ma Type 31, ku Barrow kuli ma submarine okhaokha. Harland & Wolff ya ku Belfast, yomwe ili ndi malo aakulu, inagwa mu 2024 nkugulidwa ndi Navantia ya ku Spain kumayambiriro kwa 2025, ndipo ili kale ndi ntchito ya sitima zitatu zonyamula katundu wa ma carrier.

Za ndalama, mu 2025 nduna yaikulu ya Britain a Keir Starmer analonjeza kukweza bajeti ya chitetezo kufika 2.5 peresenti ya chuma cha dziko pofika 2027, koma pamzere pali ambiri, ma submarine a Dreadnought onyamula zida za nyukiliya, ma submarine a AUKUS (mgwirizano wa Britain, America ndi Australia), ndege yankhondo yatsopano ya GCAP, zipolopolo zomwe zinatha potumiza ku Ukraine. Ma Marines pamzere umenewu sali kutsogolo.

Ife kuno zikutikhudza pati?

Pa nkhondo ayi, Malawi ndi Zambia zilibe gombe la nyanja yamchere loti wina angatsitsepo asilikali. Koma sitima za mtundu umenewu nthawi zambiri sizikhala kunkhondo, zimakhala pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Namondwe wa Idai atasakaza Beira mu March 2019, yemwe uja anaononganso kummwera kwa Malawi ndi kummawa kwa Zimbabwe, ena mwa oyamba kufika ndi thandizo anali asilikali apamadzi a India omwe pa sitima zawo zitatu panali INS Shardul, yotsitsa katundu pagombe, ndipo France inatumiza Tonnerre. Misewu itaduka, milatho itakokoloka, chomwe chimafunika ndi chomwechi: maboti ofika pamchenga, mahelikopita, makina oyeretsa madzi, madokotala.

Za Britain nazo zili ndi mbiri yotere. Argus inakhala miyezi ku Sierra Leone nthawi ya Ebola kuyambira 2014, Bulwark inavuula anthu masauzande pa Mediterranean mu 2015, ambiri a iwo ochokera ku Africa konkuno, Mounts Bay inali ku Caribbean pa namondwe wa Irma mu 2017 komanso ku Bahamas pa Dorian mu 2019. Zikachepa sitima zotere, zoyamba kudulidwa ndi ntchito zimenezi, chifukwa yotsalayo aiika ku Norway kuyang'ana Russia. Ndipo abale amene muli ku Britain, misonkho yomangira ndi yanu yomweyo.

Mwachidule, 6 zonsezo zidzamangidwadi?

Ine ndikukaika, ndipo chondikaikitsa ndi liwu lija a Shapps anasankha, "mpaka". Sitima zankhondo za Type 45 poyamba anati amanga 12, kenako 8, zomwe zinatuluka ndi 6. Ma Type 26 anati 13, Royal Navy ikulandira 8. Pa MRSS atchula kale okha kuti zotsimikizika ndi zitatu, ndipo atawonjezera zoti ikhale ndi zida zomenyera, mtengo wa imodzi ukwera basi.

Zitatu zikutanthauza imodzi panyanja, ina ikukonzekera, ina ili pokonzedwa, ndiye zoti kukhale gulu lakumpoto ndi lakummwera nthawi imodzi ziiwalike. Zinayi zikhoza kukwanira movutikira. Chofunika kuyang'anira si zojambula zokongola zomwe makampani amaonetsa ku London, koma tsiku lomwe kontrakiti isainidwe ndi nambala yomwe ilembedwe mmenemo, chifukwa sitima ya matani ochuluka chonchi kuchoka posaina kufika poyamba ntchito pamadutsa zaka 7 kapena kuposa, ndipo ma Bay aja pofika nthawi imeneyo adzakhala akuyandikira zaka 30.